Kodi asilikali a Aroma ankatani ku York, kutali chonchi ndi malire?

Funso: "Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ndipo mwezi watha ndinatenga ana anga awiri kukaona mzinda wa York. Pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha York Minster tinaona chiboliboli cha Constantine, kenako tinakwera pa mpanda wamiyala wozungulira mzindawo. Munthu wina kumeneko anatiuza kuti pamenepo panali likulu la asilikali a Aroma, ndiponso kuti mfumu yawo ina yochokera ku Africa inafera pomwepo. Mwana wanga wamkulu anandifunsa kuti ngati malire a Aroma anali khoma la Hadrian, lomwe lili kutali kumpoto, nanga asilikaliwo ankatani ku York, ndipo panamenyedwa nkhondo yanji. Ine ndinasowa chomuyankha."

Mayi, mwana wanuyo mumuyamikire, chifukwa wafunsa pamene pagona nkhani yonse. M'zolemba zonse za Aroma zimene zinatsala mulibe nkhani ya adani atazinga York kapena ya nkhondo yaikulu yomenyedwa pazipata zake. Mzindawu unali wofunika chifukwa nkhondo zonse za kumpoto kwa Britain zinkakonzedwera pamenepo. Chakudya cha asilikali chinkatsikira pamenepo, misewu inkakumana pamenepo, ndipo wolamula ankagona pamenepo. Khoma la Hadrian linali ngati mpanda wa kumunda, koma mwini munda ndi nkhokwe zake anali ku York.

Tiyambire pa mmene Aroma anafikira. Iwo analowa mu Britain m'chaka cha 43 Yesu atabadwa, pa nthawi ya Kaisara Claudius, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 anangogwira kummwera ndi pakati pa chilumbacho. Kumpoto sanakuvutikire chifukwa anali ndi bwenzi. Dera lalikulu la kumpoto kwa England wa lero linali la mtundu wa Brigantes, ndipo mfumu yawo inali mayi, dzina lake Cartimandua. Mayiyu anasankha kugwirizana ndi Aroma. M'chaka cha 51, Caratacus, mtsogoleri amene analimbana ndi Aroma kwa zaka zambiri, atagonja anathawira kwa iye kuti akabisale, koma Cartimandua anam'manga maunyolo n'kumupereka. Aroma anamulemeretsa chifukwa cha zimenezi, ndipo dziko lake linakhala ngati chotchinga chawo chaulere.

Chotchingacho chinagwa chifukwa cha mkangano wa m'banja umene unasanduka nkhondo ya mtundu wonse. Cartimandua anasiya mwamuna wake Venutius n'kukwatiwa ndi Vellocatus, amene anali wonyamula zida za Venutius yemweyo. Anthu ambiri a mtunduwo, amene kale lomwe sankakondwa ndi ubwenzi wa Aroma, anapita kumbali ya mwamuna wosiyidwayo. Venutius anadikira nthawi yake, ndipo inakwana m'chaka cha 69, pamene ku Rome kunali chipwirikiti ndipo mafumu anayi analowana pampando m'chaka chimodzi. Iye anaukira, Aroma anangokwanitsa kupulumutsa Cartimandua, ufumu n'kutsala m'manja mwa Venutius. Wolemba mbiri Tacitus ndiye anatisungira nkhaniyi. Kuyambira pamenepo malire a kumpoto anali m'manja mwa mdani.

Kaisara watsopano, Vespasian, anatumiza bwanamkubwa Petillius Cerialis. Munthuyu ankalidziwa dzikolo ndi ululu wake, chifukwa zaka 10 m'mbuyomo, pa kuukira kwa mfumukazi Boudica, iye ndiye ankatsogolera gulu lankhondo lachisanu ndi chinayi, ndipo asilikali ake oyenda pansi amene anapita nawo kukapulumutsa Colchester anaphedwa. Cha m'ma 71 anatenga gulu lomwelo ku Lincoln, n'kupita nalo kumpoto, n'kumanga linga pamene mtsinje wa Foss umathira mu Ouse. Malowo, amene lero ndi York, anawatcha Eboracum, kuchokera ku dzina la eni dziko limene ambiri amalimasulira kuti malo a mitengo ya yew.

Gulu lotereli Aroma ankalitcha legiyo. Ngati mumawerenga Baibulo mawuwa mukuwadziwa, ndi aja ananena munthu wa ziwanda pa Marko 5:9 pofuna kusonyeza kuti zinali zambiri. Legiyo imodzi inkakhala ndi asilikali oposa 5,000, onse nzika za Rome, ogawidwa m'magulu a anthu 80 otsogoleredwa ndi kenturiyo, ndipo anthu 8 ankagona chipinda chimodzi n'kumaphika limodzi. Linga la Eboracum linali la maekala pafupifupi 50. Poyamba linali chimulu cha dothi ndi mitengo, chokhala ndi ngalande kunja kwake, kenako anayamba kulimanga ndi miyala.

Tsono n'chifukwa chiyani anasankha malo amenewo? Apa ndikufuna tichedwepo, chifukwa amene wamvetsa malowa wamvetsa zonse.

Choyamba ndi madzi. Ouse amathira mu Humber, Humber amathira m'nyanja yaikulu ya North Sea, ndipo masiku amenewo zombo zochokera kunyanja zinkatha kukwera mpaka ku York. Anthu 5,000 ndi akavalo awo ndi nyulu zawo amadya tsiku lililonse, kaya kuli nkhondo kaya kulibe. Kunyamula tirigu pangolo za ng'ombe kunali kochedwa ndiponso kodula, chifukwa ng'ombezo zimadyanso m'njira. Chombo chimodzi chinkasenza katundu wa ngolo zambirimbiri. Choncho tirigu, vinyo, mafuta a olivi ochokera ku Spain, mbiya zofiira zochokera ku Gaul (dera la France wa lero), zonse zinkafika padoko la pa Ouse. Mumsewu wa Coney Street, umene mwina munadutsamo pogula zinthu, ofukula zakale anapeza zotsalira za nyumba yosungiramo tirigu ya m'mbali mwa mtsinje. Munali tizilombo ta m'nkhokwe tambirimbiri, ta mtundu wa anankafumbwe, moti Aroma anagwetsa nyumbayo n'kukwirira malowo ndi dongo asanamange ina. Ine nkhani imeneyi imandiphunzitsa zambiri za Eboracum kuposa malupanga onse a m'nyumba yosungiramo zakale, chifukwa ikusonyeza chimene chinkasowetsa tulo akuluakulu a asilikali.

Chachiwiri ndi mtunda. Chigwa cha York ndi chathyathyathya, ndipo kale chinali ndi madambo ambiri. Koma pali kamtunda kouma ka miyala ndi mchenga kodutsa chigwacho kuchokera kummawa kupita kumadzulo, ndipo Ouse amadula kamtundako pa York penipeni. Wofuna kuwoloka chigwacho osatitimira m'matope ankadutsa pamenepo. Wogwira malo amenewo wagwira njira ya pamtunda ndi ya pamadzi nthawi imodzi. Mitsinje iwiri ija inkatchinganso lingalo mbali ziwiri. Kuwonjezera apo, malowa anali pakati pa mitundu iwiri, Brigantes kumadzulo ndi kumpoto, Parisi kummawa, moti Aroma ankatha kuyang'anira onse ndi kuwalepheretsa kugwirizana. Nzeru yake ndi yomwe Angerezi anagwiritsa ntchito kwathu pomanga Fort Johnston mu 1891 pafupi ndi pamene Shire amatuluka m'nyanja, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda: atsamunda amafuna pakhosi pa njira.

Misewu inabwera pambuyo pake n'kumangirira zonse pamodzi. Wina unkachokera ku London kudzera ku Lincoln n'kuwoloka Humber pa Brough. Wina unkapita kumadzulo kudzera ku Tadcaster, kumene ankasema miyala yoyera yomangira, mpaka ku Chester. Wofunika kwambiri pa nkhondo ndi umene pambuyo pake unatchedwa Dere Street, wopita kumpoto kudzera ku Aldborough, Catterick ndi Corbridge mpaka kulowa mu Scotland.

Tsopano tifike pa funso la mwana wanu lenileni. Khoma la Hadrian linayamba kumangidwa molamulidwa ndi Kaisara Hadrian m'chaka cha 122, pamene Eboracum anali atakhala kale zaka 50. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 117, kuchokera ku Wallsend pa mtsinje wa Tyne mpaka ku Bowness-on-Solway. Asilikali a legiyo ndiwo analimanga, koma sindiwo ankalilondera. Pakhomapo pankakhala magulu ang'onoang'ono a anthu 500 kapena 1,000, olembedwa kuchokera ku mitundu yogonjetsedwa, amene ankalandira unzika wa Rome akatha zaka 25 za usilikali. Legiyo ankaisunga kumbuyo, yathunthu, pamalo pamene ikanatha kupita kulikonse. Kuchokera ku York kukafika pakhoma ndi makilomita oposa 120, ndipo msilikali wa Aroma ankayenda makilomita pafupifupi 30 patsiku atasenza katundu, ndiye kuti masiku anayi kapena asanu. Mukaika anthu 5,000 pamalo amodzi a khoma, adani amangoboola pena. Mukawaika kumbuyo pamphambano, kulikonse kumene kwaboka amafikako. Komanso musaiwale kuti anthu a kummwera kwa khoma sanali abwenzi onse. Mapiri a Pennines, kwawo kwa Brigantes, anakhala odzaza ndi timalinga ta Aroma kwa zaka mazana. Legiyo ya ku York inkayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Mu Britain monse malinga okhazikika a legiyo anali atatu: Caerleon ku Wales, Chester, ndi York. Mwa atatuwa, York ndiye anali kufupi ndi malire ovuta.

Legiyo yachisanu ndi chinayi, imene inayambitsa mzindawu, inasiya mwala wolembedwa wa chaka cha 107 kapena 108, wa nthawi ya Kaisara Trajan, wonena za ntchito yomanga ndi miyala. Unapezeka mu 1854 pa King's Square ndipo uli ku Yorkshire Museum. Umenewu ndi umboni womaliza wokhala ndi chaka wa gululi mu Britain. Mudzamva anthu akunena kuti linapita ku Scotland n'kuphedwa lonse, koma zidindo zake zinapezeka pa mapale ku Nijmegen m'dziko la Netherlands, zomwe zikusonyeza kuti ena mwa asilikali ake anakakhalako kumeneko. Ku museum komweko kuli mwala wa pamanda a Lucius Duccius Rufinus, wonyamula mbendera wa gululi, wochokera ku Vienne ku France wa lero, amene anamwalira ali ndi zaka 28. Mukadzapitanso mukamuonetse mwana wanu, aone kuti legiyo anali anyamata a anthu, ofera kutali ndi kwawo. Cha m'ma 122 legiyo yachisanu ndi chimodzi, yotchedwa Victrix, inabwera kuchokera ku Xanten pa mtsinje wa Rhine, ndipo inakhala ku York mpaka mapeto a ulamuliro wa Aroma.

Za mfumu ya ku Africa, anakuuzani zoona. Septimius Severus anabadwa mu 145 ku Leptis Magna, m'mbali mwa nyanja ku Libya wa lero. Kuchimuna anali wa anthu olankhula Chipuniki, mbadwa za Afoinike amene anakhazikika kumpoto kwa Africa, ndipo kuchikazi makolo ake anachokera ku Italy. Olemba akale amati mpaka ukalamba Chilatini chake chinkamveka kuti ndi wa ku Africa. Anakhala Kaisara mu 193 n'kupambana nkhondo zapachiweniweni zimene zinatsatira, ndipo mmodzi mwa amene anawagonjetsa, Clodius Albinus, anali bwanamkubwa wa Britain amene anatenga asilikali a pachilumbacho kukamenyera ufumu ku Gaul mpaka kufera ku Lyon mu 197.

Mu 208 Severus mwini wake anabwera ku Britain, ali wokalamba, miyendo ikumupweteka moti njira yambiri anayenda pamachila. Anabwera ndi mkazi wake Julia Domna wa ku Syria, ana ake awiri Caracalla ndi Geta amene ankadana kwambiri, alonda ake, alembi ndi akatswiri a malamulo. Pamene pali Kaisara ndi pamene pali boma, choncho kwa zaka pafupifupi zitatu ufumu wonse, kuyambira ku Egypt mpaka ku Spain, unkalamulidwa kuchokera kumpoto kwa Britain. M'mabuku a malamulo a Aroma muli chigamulo cholembedwa ku Eboracum m'chaka cha 210. Pokonzekera nkhondo, linga la South Shields pakamwa pa Tyne analisandutsa malo a nkhokwe zokhazokha, zoposa 20, kuti zombo zizinyamula chakudya kutsatira asilikali m'mbali mwa nyanja.

Nkhondo zake zolimbana ndi mitundu ya ku Scotland ya Caledonii ndi Maeatae mu 209 ndi 210 sizinali zokongola, ndipo sindikufuna muwauze ana anu ngati nthano ya ngwazi. Eni dzikowo anakana kumenyana poyera. Ankabisala m'nkhalango ndi m'madambo, n'kumapha otsalira m'mbuyo. Atachita pangano la mtendere n'kuukiranso, Severus analamula kuti asilikali aphe aliyense amene akumana naye, ngakhale mwana amene ali m'mimba mwa mayi wake. Wolemba mbiri Cassius Dio ndiye analemba zimenezi. Tikamanyadira kuti munthu wa ku Africa anakhala pampando wa Rome, tizikumbukiranso kuti kwa anthu a ku Scotland iye anali mtsamunda wankhanza, ndipo malamulo otere ankachokera m'nyumba zimene zili pansi pa misewu imene munayendamo.

Severus anamwalira ku Eboracum pa 4 Febuluwale 211. Dio akuti mawu ake omaliza kwa ana ake anali akuti azigwirizana, azilemeretsa asilikali, ena onse asawalabadire. Mtembo wake anautentha komweko ndipo phulusa anapita nalo ku Rome. Caracalla anasiya nkhondo ya ku Scotland, ndipo chakacho chisanathe anaphetsa m'bale wake Geta m'manja mwa mayi wawo.

Severus sanali munthu yekhayo wa ku Africa mumzindawu. Ofukula anapeza miphika youmbidwa ku York komweko koma mwa kaumbidwe ka kumpoto kwa Africa, yoyenera kuphikira pa mbaula ya makala, ya m'nthawi ya Severus yomweyo. Munthu akapita kutali amasintha zambiri koma kaphikidwe amapita nako, inu nomwe mukudziwa mmene ufa wa nsima umasakidwira ku Leeds. Palinso manda a mayi wolemera wa m'zaka za m'ma 300, opezeka mu 1901, amene anaikidwa ndi zibangili za minyanga ya njovu ndi za mwala wakuda wa ku Yorkshire. Akatswiri a ku University of Reading atapima mafupa ake mu 2010 ananena kuti ayenera kuti anali ndi makolo a kumpoto kwa Africa.

Nthawi yonseyi tauni inali ikukula. Pamene pali asilikali 5,000 olandira malipiro pamabwera ogulitsa, osula, ophika, akazi ndi ana. Severus yemweyo anakweza malipiro a asilikali n'kuwalola kukhala ndi akazi awo. Opuma usilikali ankamanga nyumba kutsidya kwa Ouse, kumene lero kuli Micklegate ndi siteshoni ya sitima. Britain atagawidwa pawiri m'zaka zoyambirira za m'ma 200, pofuna kuti bwanamkubwa mmodzi asadzakhalenso ndi legiyo zitatu ngati Albinus, York anakhala likulu la chigawo cha kumpoto. Pofika 237 tauniyo inali italandira ulemu wa colonia, udindo wapamwamba kwambiri wa mzinda, umene mu Britain unalinso ndi Colchester, Lincoln ndi Gloucester. Chakachi timachidziwa chifukwa cha guwa limene wamalonda wina, Marcus Aurelius Lunaris, anaimika ku Bordeaux pothokoza kuti wayenda bwino ulendo wochokera ku Eboracum.

Chiboliboli chimene munaona ndi cha 1998, koma chikukumbutsa za pa 25 Julayi 306. Kaisara Constantius, atabwera kudzamenyana ndi a Picts a ku Scotland, anamwalira ku York tsiku limenelo, ndipo asilikali ananyamula mwana wake Constantine n'kumulonga ufumu osadikira chilolezo cha mafumu ena. Apa mpamene mphamvu ya linga ngati ili imaonekera poyera: amene ali ndi asilikali a ku Britain kumbuyo kwake ankatha kulanda dziko. Constantine anapambana nkhondo ya pa mlatho wa Milvian ku Rome mu 312, ndipo mu 313 iye ndi Kaisara mnzake Licinius anapereka ufulu wopembedza kwa Akhristu. Mu 314 bishopu wa ku York, Eborius, anali pa msonkhano wa mabishopu ku Arles. Mu 321 Constantine analamula kuti Lamlungu likhale tsiku lopuma, ndipo mu 325 anaitanitsa msonkhano wa ku Nicaea, kumene kunachokera chikhulupiriro chimene Akatolika, Aangilikani ndi mipingo ina amanena mpaka lero.

Mapeto anabwera pang'onopang'ono. Mu 367 adani anaukira Britain kuchokera mbali zingapo nthawi imodzi, ndipo m'zaka zotsatira Aroma anamanga nsanja zolondera m'mbali mwa nyanja ya Yorkshire, monga ku Scarborough ndi Filey, chifukwa ngozi tsopano inkabweranso pamadzi, njira yomwe ija inkabweretsa tirigu. Akuluakulu ofuna ufumu anapitiriza kutenga asilikali kupita nawo kutsidya, Magnus Maximus mu 383 ndi Constantine wina mu 407. Pofika cha m'ma 410 ulamuliro wa Rome mu Britain unali utatha. Malowo sanafe. Mfumu Edwin ya Northumbria, ufumu wa kumpoto kwa England, inabatizidwa pamenepo mu 627, mzindawo ukutchedwa Eoforwic. Ma Viking ochokera ku Scandinavia anaulanda mu 866 n'kuutcha Jorvik, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera dzina la York.

Mpanda umene munakwerapo si wa Aroma, mbali yake yaikulu inamangidwa zaka pafupifupi 900 iwo atachoka, ngakhale kuti kuchokera pa chipata cha Bootham Bar kuzungulira kuseri kwa Minster mpaka pa chipata cha Monk Bar ukutsata mzere wa linga lawo. Khoma lenileni la Aroma mukalipeza ku Museum Gardens, pa nsanja yotchedwa Multangular Tower: timiyala ting'onoting'ono ta m'munsi ndi ta Aroma, miyala ikuluikulu ya pamwamba ndi ya pambuyo pake. Misewu ya Petergate ndi Stonegate ikuyenda pamwamba pa misewu iwiri ikuluikulu ya m'lingamo, ndipo pamene imakumana ndi pamene panali khomo la likulu la legiyo. Likululo lili pansi pa Minster. Analifukula pakati pa 1967 ndi 1972 pamene ankalimbitsa maziko a nsanja ya tchalitchicho, ndipo mukatsikira m'chipinda cha pansi mudzaona makoma ake. Chipilala chachitali chimene chaima moyang'anizana ndi chiboliboli cha Constantine chinapezeka chitagwa m'holo ya likulu limenelo mu 1969. Mukamuimike mwana wanu pamenepo, mumuuze kuti kumpoto chakumadzulo, kudzera pa Bootham Bar, ndi kumene asilikali ankatulukira akamapita kukhoma la Hadrian, ndipo kumunsi kwa Stonegate ndi kumtsinje kumene chakudya chawo chinkafikira.